Momwe Mungaikire Mtengo wa Malo Ogona Alendo Kumudzi Popanda Kuluza Kapena Kukhumudwitsa Mlendo

Anthu ambiri akamanga tinyumba togona alendo kumudzi, kaya m'mbali mwa nyanja, m'tsinde mwa phiri kapena pafamu, mtengo amaupeza mwa njira imodzi. Amafufuza kuti anzawo a tsidya lija akulipiritsa zingati, n'kuchotsapo pang'ono kuti alendo akhamukire kwa iwo. Chaka chikatha amadabwa. Alendo anabweradi, ntchito inagwiridwa usana ndi usiku, koma m'thumba muli mbee ndipo denga layamba kudontha. Za m'nyumba mwa mnzanuyo simukuzidziwa. Mwina malowo anachita kusiyiridwa ndi makolo pamene inu muli ndi ngongole kubanki. Mwinanso naye akuluza, kungoti sanazindikire.

Mtengo uyenera kuyambira m'kope lanu la ndalama. Ukafika m'khutu la mlendo umasanduka lonjezo, ndipo lonjezolo muyenera kulikwanitsa. Manambala ali m'munsimu ndi ongoyerekeza ndipo sali mu ndalama ya dziko lililonse. Inu muikemo anu. Tiyerekeze kuti muli ndi zipinda 4.

1. Gawani pawiri ndalama zonse zotuluka

Tengani kope, malisiti onse amene munasunga ndi mapepala a kubanki a miyezi 12 yapitayi. Lembani mizere iwiri.

Mzere woyamba ndi wa ndalama zimene zimatuluka kaya kwabwera mlendo kaya ayi: malipiro a antchito okhazikika, mlonda, inshuwalansi, ziphaso ndi misonkho ya malo, intaneti, kubweza ngongole, kutchetcha, kukonza msewu wolowera, kutsatsa malonda. Wachiwiri ndi wa ndalama zimene zimatuluka pokhapokha munthu akagona m'chipinda: chakudya cham'mawa, kuchapa nsalu zapabedi ndi matawulo, sopo, mapepala a kuchimbudzi, madzi otentha, magetsi kapena mafuta a jenereta, ganyu wothandiza kukolopa alendo akachuluka.

Kumudzi kuli zina zimene wa m'tauni saziganizira n'komwe, ndipo ndi zimene zimadya phindu mwakachetechete. Chilichonse chimene mwagula chili ndi mtengo wa ulendo pamwamba pake. Pampu ya madzi ikafa, mmisiri mumamulipira ntchito, mayendedwe, mwinanso chakudya ndi malo ogona. Thanki ya zonyansa imafuna kupopedwa. Mabatire a sola a mtundu wakale aja nthawi zambiri amatha pakadutsa zaka 3 mpaka 5, ndipo amafera limodzi. Chiswe, chinyezi ndi dzimbiri sizipita kutchuthi ngakhale mwezi umene mwatseka.

Zinthu zotha pang'onopang'ono muziwerengere motere: mtengo wake mugawe ndi zaka zimene chikhale. Matiresi ya 400 yoti ikhala zaka 8 ikukudyerani 50 chaka chilichonse. Chitani chimodzimodzi ndi firiji, utoto, makatani, maukonde a udzudzu, denga ndi galimoto. Ndalama imeneyi muziyisunga padera mwezi ndi mwezi, apo ayi tsiku lina mudzakagula matiresi anayi ndi ngongole ya katapira.

Chomaliza, chimene ambiri amachita nacho manyazi: dzilembereni malipiro. Ngati inu ndi akunyumba kwanu ndinu amene mumaphika, kuyankha mafoni usiku ndi kukatenga alendo pamsewu waukulu, dzifunseni kuti mukanalemba munthu wogwira zonsezi mukanamulipira zingati. Bizinesi imene imaoneka yopindula chifukwa mwini wake amagwira ntchito yaulere ndi yodwala, ndipo matendawo amaonekera tsiku limene mwiniwakeyo wagonekedwa m'chipatala.

M'chitsanzo chathu, tinene kuti pa chaka antchito amatenga 7,200, malipiro anu ndi 6,000, inshuwalansi, ziphaso ndi misonkho 1,800, intaneti ndi kutsatsa 1,200, kukonza ndi kusungira zotha 2,800, ngongole 1,440. Zonse pamodzi ndi 20,440. Ndalama ya mzere wachiwiri tinene kuti ndi 12 pa chipinda usiku umodzi.

2. Werengani masiku amene chipinda chimagonedwadi

Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Zipinda 4 kuchulukitsa ndi masiku 365 ndi 1,460. Amenewo ndi mausiku onse amene mungathe kugulitsa pa chaka, koma palibe amene amawagulitsa onse. Kumudzi alendo amabwera kumapeto kwa sabata, pa tchuthi cha sukulu ndi nyengo imene kunja kuli bwino. Lachiwiri la m'nyengo yoipa mumangokhala inu ndi agalu.

Ngati mwagwirapo ntchito chaka chathunthu, werengani m'buku la alendo, usiku ndi usiku. Ngati mukuyamba kumene, tengani nambala yotsika, chifukwa chaka choyamba anthu sakudziwani ndipo mulibe ndemanga pa intaneti. Tiyerekeze kuti zipinda zanu zimagonedwa 35 peresenti ya nthawi. Ndiye kuti mausiku ogulitsidwa ndi 511.

Taonani zimene zimachitika munthu akalota masana. Akayerekeza 60 peresenti, amaona ngati agulitsa mausiku 876, ndipo mtengo wa 45 umaoneka wokwanira. Koma alendo akabwera mausiku 511 okha, atachotsa komishoni ya 15 peresenti imene kampani yobukitsira malo pa intaneti imadula ndi 12 ija, amatsala ndi 13,414 pamene akufunika 20,440. Ndalama yosowayo ndi yoposa malipiro ake onse a chaka. Wagwira ntchito yaulere n'kuwonjezapo ya m'thumba mwake.

3. Pezani mtengo wa pakatikati umene simungatsike pansi pake

Gawani 20,440 ndi 511. Mupeza 40. Usiku uliwonse wogulitsidwa uyenera kusenza 40 ya ndalama zokhazikika. Onjezani 12, zikwana 52. Umenewu ndi mtengo weniweni wa usiku umodzi kwa inu, phindu musanaliike. Njira yoyambira pa zotuluka n'kumabwerera chammbuyo mpaka kupeza mtengo si yachilendo. Eni mahotela a ku America anaifalitsa mu 1952 ndipo imadziwika ndi dzina la Roy Hubbart. Imagwira ntchito pa zipinda 400, imagwiranso pa zipinda 4.

Tsopano komishoni. Makampani monga Booking.com, imene inayamba ku Netherlands mu 1996, ndi Airbnb, imene inayamba ku San Francisco mu 2008, amadula gawo la ndalama imene mlendo walipira. Pa Booking.com gawoli limakhala cha m'ma 15 peresenti, ngakhale limasiyana malinga ndi dziko ndi mgwirizano. Onani mgwirizano wanu kuti mudziwe nambala yeniyeni. Msampha uli pa kawerengedwe. Ambiri amawonjezera 15 peresenti pa 52 n'kupeza 59.80. Koma kampaniyo imadula pa 59.80, osati pa 52, ndipo inu mumalandira 50.83, zomwe n'zosakwana. Njira yolondola ndi kugawa: 52 kugawa ndi 0.85, zomwe zikupereka 61 ndi kakang'ono. Ngati mukufuna kuti 10 peresenti ya mtengo ikhale phindu lokulitsira bizinesi, gawani ndi 0.75 ndipo mupeza pafupifupi 70. Kumbukiraninso kuti makina olipirira ndi khadi komanso ndalama za pafoni nazo zimadula kachigawo kawo, ndipo kumene kuli msonkho wa pa malonda kapena wa alendo, ndalama imeneyo si yanu ngakhale imadutsa m'manja mwanu.

Pa mtengo wa 70, mukachotsa komishoni ndi 12 ija mumatsala ndi 47.50 usiku uliwonse. Gawani 20,440 ndi 47.50: mukufunika mausiku 431 kuti mubweze zotuluka zonse. Nambala imeneyi ilembeni pamalo oti muziyiona. Phindu lanu limayamba pa usiku wa 432.

4. Tsopano mutha kusuzumira kwa anzanu

Sankhani malo 5 kapena 6 amene mlendo wanu angawayerekeze ndi anu. Onani mitengo yawo pa masiku osiyanasiyana, osati tsiku limodzi. Onani zimene zili m'kati mwa mtengowo: chakudya cham'mawa chilimo? Bafa ndi la m'chipinda kapena la onse? Kenako werengani ndemanga zawo, makamaka zodandaula, chifukwa mmenemo ndi mmene muli mwayi wanu.

Ngati ofanana nanu akulipiritsa 90, kwezani, musachite mantha. Ngati akulipiritsa 50 pamene inu mukufunika 70, pali njira zitatu zokha: kuchepetsa zotuluka, kuchulukitsa mausiku, kapena kusintha malowo kuti akhale oyenera 70. Njira yachinayi, yongotsitsa n'kumapemphera, ndi imene yatsekitsa malo ambiri.

5. Musanatsitse mtengo, chitani masamu awa

Zipinda zikakhala zopanda anthu, mtima umathamangira kutsitsa. Tiyeni tione. Pa 70, mausiku 511 akukupatsani 24,272 yolipirira zokhazikika ndi phindu. Mukatsitsa ndi 20 peresenti kufika pa 56, usiku uliwonse mutsala ndi 35.60. Kuti mupeze 24,272 yomweyo mukufunika mausiku 682. Amenewo ndi mausiku 171 owonjezera, kutanthauza kuti alendo achuluke ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kuti mungofika pomwe munali kale. Walira mvula walira matope: alendo owonjezerawo akubwera ndi zochapa zambiri, madzi ambiri, matiresi otha msanga ndi antchito otopa.

Tembenuzani masamuwo. Mukakweza ndi 10 peresenti kufika pa 77, mutsala ndi 53.45 pa usiku, ndipo mausiku 455 akukwanirani. Mutha kutaya mausiku 56 osataya ndalama, ntchito itachepa.

Sindikunena kuti kutsitsa n'koletsedwa. Usiku wa chipinda uli ngati mkaka wopanda firiji, kukacha watha. Makampani a ndege anazindikira zimenezi kale. Boma la America litasiya kulamulira mitengo ya ndege mu 1978, American Airlines, motsogozedwa ndi Robert Crandall, inakhazikitsa njira yogulitsa mipando ya ndege imodzi pa mitengo yosiyana malinga ndi nthawi imene munthu wagula ndi malamulo a tikiti yake, ndipo mahotela akuluakulu monga Marriott anatengera nzeruyo. Phunziro lake kwa ife ndi loti kutsitsa kukhale ndi mpanda. Wolipira zochepa ataye kanthu: abwere pakati pa sabata, akhale masiku ambiri, alipiretu ndalama yosabwezedwa, kapena abukitse mochedwa n'kutenga chipinda chotsala. Mukatsitsira aliyense, mwatsitsiranso uja amene akanalipira 70 mosanyinyirika.

6. Gawani chaka m'nyengo zitatu

70 ija ndi ya pakatikati pa chaka chonse. Sikuti muzilipiritsa 70 tsiku lililonse. Tinene kuti mwa mausiku 511 aja, 200 ndi a nyengo imene anthu amalimbirana malo, 200 ndi a nyengo yapakati, 111 ndi a nyengo ya chilala cha alendo. Mukaika 90, 65 ndi 45, ndalama yonse ndi 35,995, ndipo mukagawa ndi 511 mubwerera pa 70. Nyengo zitatu n'zokwanira. Mitengo ikamasintha tsiku ndi tsiku, inuyo ndi amene mudzasokonezeke pafoni.

Pali chinthu china chokhudza mmene mumanenera. Mu 1986, ofufuza Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anafunsa anthu za sitolo imene imagulitsa fosholo yochotsera chipale chofewa pa madola 15, kenako n'kukweza kufika pa 20 m'mawa wotsatira chimphepo cha chipale. Anthu 82 mwa 100 aliwonse anati kumeneko n'kudyera anthu masuku pamutu. Kafukufuku yemweyo anasonyeza kuti anthu amavomera mtengo ukakwera chifukwa zotuluka za wogulitsa zakwera, ndiponso kuti kuchotsa kuchotsera kumene kunalipo sikuwawa ngati kuwonjezera mtengo. Choncho mtengo wa nyengo yabwino ndi umene muziutchula kuti mtengo wanu, ndipo enawo akhale otsitsidwa. Lengezani mitengo ya chaka chonse kudakali nthawi. Kukweza mwadzidzidzi chifukwa mwamva kuti malo ena onse adzaza kumabweretsa ndalama ya sabata imodzi ndi mbiri yoipa ya zaka.

Nyengo ya chilala ikafika, funsani ngati kutsegula kuli ndi phindu. Nthawi zina n'kwanzeru kutseka mwezi umodzi, kupenta, kukonza mapaipi ndi kupumitsa antchito, kusiyana ndi kuyatsa jenereta chifukwa cha munthu mmodzi. Kapena funani alendo a mtundu wina: timagulu ta misonkhano, ofufuza, ogwira ntchito pa kompyuta ofuna malo abata a milungu iwiri.

7. Samalani ndi mlendo wa usiku umodzi

12 ija tiiphwanye. Tinene kuti kukonza chipinda mlendo akachoka, kuchapa, kusita ndi kukolopa, kumadya 15, ndipo zina zonse za tsiku ndi tsiku zimadya 7. Mlendo wa mausiku 3 akudyerani 36, ndiye 12 pa usiku. Wa usiku umodzi akudyerani 22. Choipa china, akatenga Loweruka lokha amatsekereza uja amene akanatenga Lachisanu mpaka Lamlungu.

Mankhwala ake ndi osavuta. M'nyengo yabwino ikani lamulo loti osachepera mausiku 2 kapena 3. Nthawi zina lolani usiku umodzi koma pa mtengo wokwererapo. Wokhala sabata yathunthu mutsitsireni, chifukwa iyeyo ndi wotsika mtengo kwa inu.

8. Mtengo umene mlendo waona ukhale umene alipire

Palibe chimene chimaphwanya ubale msanga ngati ndalama yotulukira pa tsiku lonyamuka: ya nkhuni, ya kukolopa, ya magetsi, ya mwana, ya galu. Ngakhale ikhale yochepa, mlendo amaona ngati mwamutchera. Mayiko ena afika poika malamulo. Ku America, kuyambira mu May 2025, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission limalamula kuti malo ogona a masiku ochepa azionetseratu mtengo wonse pamodzi ndi ndalama zokakamiza zonse. Kaya kwanuko lamulo lotere lilipo kaya kulibe, tsatirani mfundoyo.

Chilichonse chimene aliyense amagwiritsa ntchito chilowe mu mtengo. Zimene ena amafuna, ena safuna, zikhale ndi mtengo wake wolembedwa poonekera: chakudya chamadzulo, kukatengedwa kusiteshoni, woperekeza kuphiri, kubwereka njinga kapena bwato, kuchapitsa zovala. Kumudzi kumene kulibe lesitilanti pafupi, chakudya chamadzulo chimatha kubweretsa ndalama yabwino, koma chiwerengereni ngati mmene tawerengera chipinda, kuphatikizapo nthawi ya wophika ndi zotsala zotayidwa. Zakudya ziwiri kapena zitatu zoyitanitsiratu masana zimaposa mndandanda wa zakudya 20 umene umadzaza firiji ndi zinthu zowola.

9. Lembani lonjezo lanu moona mtima

Mbali imeneyi ndi yaulere, koma ndi imene imateteza mtengo wanu kuposa zonse. Mu 1980, wofufuza za malonda Richard Oliver anafotokoza kuti kukhutira kwa wogula kumachokera pa kusiyana kwa zimene amayembekezera ndi zimene wapeza. Chipinda chomwecho, bedi lomwelo, mmodzi achoka akuyamika, wina akutukwana. Kusiyana kwake ndi zimene aliyense anauzidwa asananyamuke kwawo.

Khalani pansi ndi kulemba zonse zimene zingadzidzimutse munthu wozolowera m'tauni. Makilomita angati a msewu wafumbi, ndipo galimoto yaing'ono imadutsa mvula ikagwa? Netiweki ya foni imagwira pati, ya kampani iti? Wi-Fi imafika m'zipinda kapena pakhonde pokha, ndipo ingakwanitse msonkhano wa pavidiyo? Magetsi a sola amayendetsa chowumitsira tsitsi kapena ketulo? Madzi otentha amapezeka nthawi zonse kapena maola ena? Atambala amalira nthawi yanji? Kuli tizilombo, achule, abuluzi? Sitolo, malo omwetsera mafuta ndi chipatala zili kutali bwanji? Zonsezi zilembeni pa tsamba lanu, ndipo muzibwereze mu uthenga wotsimikizira kuti malo asungidwa.

Eni malo ambiri amaopa kuti kunena zoona kuthawitsa alendo. Inde, ena athawa, ndipo ndi omwewo amene akanadzakulemberani ndemanga ya nyenyezi ziwiri. Otsalawo amabwera atakonzeka, ena mpaka amasangalala nazo. Kunena zoona sikufuna kupepesa. Mmalo molemba kuti "pepani kulibe TV", lembani kuti m'zipinda mulibe TV, madzulo anthu amakhala panja pamoto. Koma musakometsere mpaka kunama. Bafa lothira ndi ndowa ndi bafa lothira ndi ndowa.

Zithunzi nazo ndi lonjezo. Jambulani masana, chipinda chili choyalidwa mmene mlendo adzachipezere. Onetsani bafa, chifukwa malo obisa bafa amakayikitsa. Musagwiritse ntchito galasi la kamera lokulitsa kachipinda kukhala ngati holo, ndipo musaike chithunzi cha mtsinje wodzaza ngati theka la chaka umakhala mchenga wokhawokha. Chikomekome cha mkuyu chimagulitsa kamodzi, mlendo akaona nyerere m'kati amauza dziko lonse.

Kumbukiraninso kuti mtengo pawokha umalankhula. Wolipira 45 amakhululuka thawulo lakale. Wolipira 90 sakhululuka. Nthawi iliyonse mukakweza, yendani m'chipinda ndi maso a munthu amene walipira ndalama imeneyo. Ndi bwino kugonamo usiku umodzi inu eni, n'kusamba m'bafamo. Mudzapeza chitseko cholira, babu lakufa ndi soketi ili kuseri kwa kabati.

10. Ikani ndalama pamene mlendo amazimva m'thupi

Ndalama zokometsera malo n'zochepa, choncho zipite motsatana chonchi: ukhondo, bedi labwino, madzi otentha odalirika, chitetezo, kuwala kokwanira ndi pochajira foni, kenako chakudya cham'mawa. Zokongoletsa zibwere pambuyo. Dziwe losambira limakopa pa chithunzi, koma limafuna madzi, mankhwala, pampu, munthu wolisamalira ndi inshuwalansi yokwera chaka chonse. Musanagule chinthu chachikulu, gawani mtengo wake wa pa chaka ndi 511 ndipo mudzifunse ngati mlendo angalipire ndalama yowonjezerayo usiku uliwonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pochepetsa zotuluka, dulani zimene mlendo saziona: mababu a LED, kutenthetsa madzi ndi dzuwa, kugula zinthu zambiri pa ulendo umodzi, nsalu zapabedi za mtundu umodzi kuti zizisinthana m'zipinda zonse, kusintha matawulo mlendo akapempha osati tsiku lililonse. Musadule pa malipiro a wokonza m'zipinda. Tsitsi limodzi pa pilo limafafaniza zabwino zonse zimene mwachita.

Kahneman yemwe uja ndi anzake anasonyezanso mu 1993 kuti munthu akamakumbukira zimene zinamuchitikira, amagwira kwambiri mphindi imene zinafika pachimake ndi mmene zinathera. Kwa mwini malo, izi n'zotsika mtengo. Konzani chinthu chimodzi chosaiwalika, monga kuperekeza alendo pamalo poonera bwino dzuwa likamalowa, ndipo samalani tsiku lonyamuka. Bilu ikhale yokonzeka ndi yomveka, pasakhale kukangana za chenji, pakhale munthu wotsanzikana nawo.

11. Dipoziti ndi malamulo osinthira maganizo

Hotela ya zipinda 200 siimva kuwawa munthu mmodzi akalephera kubwera. Inu wa zipinda 4 mwataya kotala ya ndalama ya usiku umenewo, ndipo kumudzi kulibe wodutsa pamsewu woti angalowe m'malo mwake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malo asungidwe pokhapokha dipoziti yalowa.

Lamulo likhale lalifupi loti munthu n'kuliwerenga pafoni. Mwachitsanzo: dipoziti ndi 30 peresenti, wosintha maganizo kutatsala masiku oposa 14 abwezeredwa yonse, pambuyo pake siibwezedwa koma atha kusuntha tsiku kamodzi. M'nyengo yabwino limbitsani, m'nyengo ya chilala fewetsani. Onetsetsani kuti lamulo lanu silikusemphana ndi malamulo oteteza ogula a dziko lanu. Ganiziraninso za mbali yanu: mlatho ukakokoloka kapena pampu ikafa, mlendo mudzamubwezera bwanji? Zilembedwe zisanachitike. Ndipo pa maliro kapena matenda, chifundo chili m'manja mwanu. Kusuntha tsiku kumasunga ndalama ndi ubale womwe.

12. Makampani obukitsira akubweretsereni mlendo koyamba, kachiwiri abwere yekha

Komishoni ndi malipiro a kukupezerani munthu amene simukanamupeza, ndipo pa ulendo woyamba ndi yoyenera. Kulipira komishoni pa mlendo amene akukudziwani kale ndiye kutaya. Pa 70, kampani ikadula mumalandira 59.50. Mlendo wobwerera akabukitsa kwa inu mwachindunji pa 65, iye wapulumutsa 5, inu mwapindula 5.50. Mupatseni kakhadi ka nambala yanu ponyamuka, ndipo mupemphe chilolezo chomutumizira uthenga kawiri kapena katatu pa chaka. Werengani kaye mgwirizano wanu, chifukwa m'mayiko ena makampaniwa amaletsa kulengeza poyera mtengo wotsika kuposa wa pa tsamba lawo, ndipo onse amaletsa kukopa mlendo amene wakupezani kudzera mwa iwo kuti alipire kumbali pa ulendo womwewo.

13. Zikalakwika

Zidzalakwika ndithu. Funsani mlendo m'mawa woyamba ngati wagona bwino ndi ngati madzi anatentha, nthawi yokonza ikadalipo. Pa Airbnb mlendo amakhala ndi masiku 14 olembera ndemanga atachoka, ndipo dandaulo limene sanakuuzeni pamaso limakathera kumeneko. Vuto likakhala lanu, vomerani msanga, konzani, ndipo perekani kanthu kolingana ndi kukula kwa vutolo: chakudya chamadzulo chaulere pa vuto laling'ono, kubweza ndalama ya usiku pa lalikulu. Uzani antchito malire a zimene angapereke popanda kukuyimbirani. Poyankha ndemanga yoipa, dikirani mtima uzizire, lembani mizere itatu yaulemu yonena zimene mwakonza. Amene mukumulembera kwenikweni ndi mlendo wa mawa amene akuwerenga.

Dandaulo limodzi likabwera katatu, mwina chinthucho chikonzedwe, mwina malongosoledwe anu asinthe.

14. Kumapeto kwa mwezi uliwonse, lembani manambala atatu

Mausiku amene mwagulitsa, ndalama ya pakatikati imene mwalandira pa usiku komishoni itachotsedwa, ndi ndalama zonse zotuluka. Onjezani lachinayi ngati mungathe: anthu angati munawabweza chifukwa malo anali odzaza. Ngati masiku ena amadzaza miyezi itatu nthawi isanakwane, masiku amenewo ndi otsika mtengo, akwezeni chaka chamawa. Ngati ndemanga zambiri zikuti malowa ndi otchipa kuyerekeza ndi ubwino wake, alendo akukuuzani mwaulemu kuti mukudzibera.

Kamodzi pa chaka bwererani ku sitepe yoyamba ndi malisiti atsopano, ndipo kumene mitengo ya zinthu ikukwera mofulumira chitani zimenezi miyezi 3 iliyonse, komanso musalole kubukitsa kwa chaka chathunthu kutsogolo pa mtengo walero. Kukweza pang'ono chaka ndi chaka kumalandirika kuposa kudumpha kamodzi patatha zaka 5. Amene anabukitsa kale alipire mtengo umene munagwirizana. Alendo anu akale auzeni mwezi umodzi mitengo yatsopano isanayambe, muwatchulire chimene chakwera ndi chimene mwakonza, ndipo muwapatse mwayi wosungitsa ulendo umodzi pa mtengo wakale.